Wometa Manda a Meroald

Sindikunena izi kuti wina andimvere chisoni, ndiponso sindikakamiza munthu kukhulupirira. Wofuna umboni akafunse m'bale Odilo, woimba belu kwathu kuno kunyumba ya amonke, amuna odzipatula kuti azitumikira Mulungu. Anaona ndi maso ake, ngakhale masiku ano mukamufunsa amayamba wasuzumira kukhomo. Mboni ina inali amuna anga, a Frodoin, koma iwowo simungawafunsenso.

A Frodoin ankameta nkhosa za amonke. Ntchito ina analibe, ndipo sankaifuna. Tsoka linatipeza chaka chimene mfumu inagonjetsa mng'ono wake Meroald pankhondo. Ikanamupha pomwepo, koma mabishopu anaigwira mwendo, ndiye inachita zimene mafumu a mtundu wathu wa Afulanki amachita akafuna kupha munthu osakhetsa magazi: inamumeta mpala. Ndi mwana yemwe amadziwa kuti wakubanja lachifumu lumo silimukhudza chibadwire, ndipo wometedwa sakhala pampando. Koma tsitsi si mwendo, limameranso. Choncho anadzamutsekera kwa amonke kuno, ndipo nduna ya mfumu, Ragnulf, inafunsa kuti ndani azimumeta.

Amonkewo amametana okhaokha mwezi ndi mwezi, koma tsiku limenelo onse anaiwala kagwiridwe ka lumo. Mutu wachifumu ankauopa. Anangoloza amuna anga.

"Iwe wankhosa," anatero Ragnulf, "ndikadzapeza tsitsi lake likugwirika ndi zala, ndidzameta iweyo. Ine pometa ndimayambira pakhosi."

Meroald anali munthu wofatsa. Ankakhala pachitsa, n'kuweramitsa mutu, nthawi zina n'kuwaseka amuna anga kuti mwa nkhosa zonse iye yekha ndiye sapalapata. Anamwalira nyengo yachisanu, atadya nsomba imene mkulu wake anamutumizira ngati mphatso. Palibe anafunsa kanthu. Poti anali magazi achifumu, anamuika m'tchalitchi momwemo, pansi pa mwala waukulu pafupi ndi guwa. Kunena zoona ine mtima unakhala pansi. Ndinaphika buledi woyera tsiku limenelo.

Sipanapite nthawi, m'bale Odilo akusesa m'mamawa anaona tinthu tatuluka m'mng'alu wa m'mphepete mwa mwalawo. Anayesa udzu. Atakoka, kanthuko kanakana kuduka. Linali tsitsi, lofiirira ngati tirigu wakucha, ndipo linkanunkhira mafuta aja amene akunyumba yachifumu amadzola kumutu. Meroald anali asanadzolepo mafuta amenewo chibwerere kuno.

Ragnulf atamva anabwera, n'kuima pamwalapo nthawi yaitali. Kenako anati anthu akumudzi akangoona zimenezi adzanena kuti Mulungu walozera amene anali mfumu yeniyeni, ndipo malupanga adzatulukanso m'madenga. Amuna anga anayesa kunena kuti munthuyo anafa.

"Mfumu inati tsitsi lake lisakule," anayankha Ragnulf. "Za kufa sinatchule."

Basi, a Frodoin anayamba kumeta manda. M'bandakucha uliwonse, belu lisanalire, ankagwada pamwala wozizirawo ndi lumo la nkhosa. Poyamba linkadzaza dzanja. Pofika nthawi yoswa nkhosa linkayala pansi mpaka pa masitepe a guwa.

Litachuluka choncho, ankabwererako kukameta ndi madzulo omwe. Tsiku lina madzulo ndinawatsatira kukawapatsira chakudya. Amonke anali atamaliza pemphero lomaliza, m'tchalitchi mulibe munthu, kandulo imodzi yokha ikuyaka. Ndinamva kaphokoso pansi pa mwala. Kanali ka chipeso. Chinkatsika pang'onopang'ono, n'kukodwa, n'kuima. Kenako n'kuyambiranso kumwamba. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo ankangotafuna buledi wawo.

"Amatero tsiku ndi tsiku," ananong'ona. "Musamusokoneze."

Vuto linali kokataya. Amonke anakana kulikhudza. Kumtsinje likanakatulukira pamadoko a anthu. Ine ndinati tiliotche, koma a Frodoin anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Analeredwa ndi bambo amene ankagwada akangoona mutu wachifumu ukudutsa patali, ndipo ulemu umenewo unawalowa m'mafupa. Anayamba kulilonga m'matumba a ubweya, n'kumawapachika kudenga kwathu.

"Bambo a Gisla, chimenechi chitiphetsa," ndinawauza.

"Nanga ndikataye kudzala, nkhumba zizikalipondaponda? Ameneyu ndi mwana wa mfumu, mayi."

"Mwana wa mfumuyo adzakuikirani kumbuyo?"

Anangopitiriza kulonga matumba awo. Anali munthu wosakangana, koma wouma mutu ngati nkhosa zake zomwe.

M'nyumba monse munadzaza fungo la mafuta aja. Mkaka unkamveka mafutawo, zovala za mwana wathu Gisla chimodzimodzi. Tikagona, matumbawo ankachita tswatswa kudenga, ngati munthu akutembenuka pamphasa. Galu wathu anasiya kulowa. Ife tinazolowera. Munthu amazolowera zambiri.

Ragnulf anabweranso tirigu atayamba kucha. Anapeza mwala uli mbee, anakondwa, mpaka anati akamwe mowa kunyumba kwa wometa wake. Ndinamuthirira m'chikho. Anamwa kamodzi, n'kuima. Ananunkhiza m'chikhomo. Ananunkhiza m'mwamba. Kenako anadzuka, n'kubaya thumba limodzi ndi lupanga.

Tsitsi linakhuthuka. Linapitirira kukhuthuka. Linakwirira tebulo, linafika m'mawondo mwake, lambiri kuposa limene thumba lililonse linganyamule. Ndipo silinali zidutswa monga analimetera. Linali lalitali, lathunthu, lopesedwa bwino.

Ragnulf sanakalipe. Anafunsa motsitsa mawu kuti tikusungira yani. Anati ndi tsitsi limeneli munthu angatole wopemphetsa aliyense pamsewu, n'kumuveka, mawa lake dziko lili ndi mafumu awiri.

Amuna anga anagwada. "Sindinadziwe kokataya, bwana."

Anawatengera kuseri kwa khola. Sindinamve kulira kulikonse. Nkhosa nazo zinali chete. Anakawaika kumunda, kunja kwa mpanda, kutali ndi tchalitchi, poti woukira mfumu sagona ndi akhristu. Matumba aja anawakweza pa akavalo.

Asanachoke, Ragnulf anaika lumo patebulo, n'kuyang'ana Gisla amene anabisala kumbuyo kwanga.

"Mwana wanu akukula bwino, mayi. Muyambe mawa."

Anthu amafunsa ngati ndinalira. Sindinalire. Mumtima munangoti zii, ndipo mpaka lero muli choncho. Ndinatsuka chikho chija, ndinanola lumo, m'mawa ndinapita.

Tsopano ndine ndimameta. Msilikali amaima pakhomo ndi thumba, amatenga lonse, kumene amapita nalo sindifunsa. Chipeso chija chimamvekabe madzulo.

Chisanu chathachi, pakati pa tsitsi lofiiriralo panayamba kutuluka lina. Laimvi, lolimba, lopotana. Silinunkhira mafuta achifumu. Limanunkha nkhosa. M'bale Odilo ataliona anathamangira kumunda kuja, anakapeza manda ali bwinobwino, udzu utamera, palibe pofukulidwa. Atabwerako anati mwina ndi la mmonke wina wakalekale. Ndinangomuvomera. Koma zaka zonse za ukwati wathu ndinkawameta ndine a Frodoin, pakhomo pathu, iwo akudandaula kuti dzanja langa ndi lolemera. Sindingalisokoneze ndi la munthu wina.

Limamera kumbali imene ndimagwada. Ndikayamba ntchito limandikhudza pamkono.

Ndimalisiyira kumapeto. Msilikali akatsokomola pakhomo, ndimalimeta nalonso.