Mlatho Wogwada

Vailet anali mwana wa ku Chigumula. Ankafuna kuyamba Sabu A, kalasi yoyamba. Sukulu inali tsidya la mtsinje. Mvula inali itakokolola mlatho wakale.

Inali nthawi ya Chitaganya. Bambo ake, a Jailos, anali kalipentala. Iwo ndi anzawo anamanga mlatho wina. Unali wa mitanda ya bulugamu.

"Ababa, ndiwoloke?"

"Iyayi. Uyambe wayesedwa."

"Ukalephera?"

"Tiuphwasula."

Vailet anayang'ana kutsidya. Sukulu inali kutsegulidwa Lolemba.

Loweruka kunabwera lole kuchokera ku Limbe. Inali itanyamula matumba a mchenga. Kunabweranso a Sulemani, akapitawo. Anamanga chingwe kunsi kwa mlatho. Pachingwepo anamanga mwala. Pansi pa mwala anakhoma chikhomo.

"Nonse khalani kumtunda!" anatero a Sulemani.

Lole inakwera pa mlatho. Inayenda pang'onopang'ono. Inaima pakati.

Matabwa analira. Kwee! Kwee!

Vailet anayang'ana mwala. Mwala unatsika. Unatsikanso. Unatsala pang'ono kukhudza chikhomo.

"Ababa, ukuthyoka!"

"Sukuthyoka. Wagwada."

"Mlatho umagwada?"

"Iwe, akabwera akulu umatani?"

"Ndimagwada."

"Akapita?"

"Ndimadzuka."

"Tione ngati udzuke," anatero a Jailos.

Lole inabwerera mmbuyo. Inatsika pa mlatho. Anthu anayamba kuwomba m'manja. A Jailos sanawombe. Vailet nayenso sanawombe. Anagona chafufumimba pa udzu. Maso ake anali pa mwala.

Mwala unakwera pang'ono. Unaima.

"Dzuka," Vailet ananong'ona. "Akulu apita."

Mwala unakweranso. Unafika pamene unali poyamba.

"Wadzuka! Ababa, wadzuka!"

A Sulemani anatsetsereka ndi ndodo yawo yoyezera. Anayeza. Anayezanso. Kenako anavula chipewa nadzikupiza nacho.

"Mwanayu sananame, a Jailos. Tsegulani njira."

A Jailos anachotsa nsungwi yotchingira. Anagwira dzanja la Vailet. Anayenda awiriwiri mpaka pakati.

Vailet anadumpha. Anadumphanso ndi mphamvu. Mlatho sunagwedezeke.

"Ababa, ine sukundigwadira bwanji?"

A Jailos anayang'ana mlatho. Anayang'ana mwana wawo.

"Wamkulu ndani, iwe kapena iwo?"

Vailet anaganiza. Kenako anagwada pa matabwa.

"Moni, a Mlatho," anatero.

A Jailos anatembenukira kumadzi. Mapewa awo anali kugwedezeka ndi kuseka.