Asanagwetse Mbewu

Atelala anali pakhonde madzulo amenewo, akupala matope pakhasu ndi chitsononkho, pamene anamva kaphokoso pansi pa nthaka. Tsopu, tsopu, tsopu, ngati khanda lili pabere. Anasiya khasu n'kutchera khutu. Kankachokera kumunda, m'mizere ya chimanga.

"Kanjiwa, lowa m'nyumba."

"Mwamva chiyani, amama?"

"Ndati lowa!"

Mayiyu anali wamasiye wosoka zovala, ndipo padziko pano anatsala ndi chinthu chimodzi chokha: kamtsikana kameneka, kongoyamba kumene sukulu.

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, feteleza anthu anathira, koma chimanga chinakana. Chinapinimbira cha m'mawondo, masamba achikasu, kufota ngati kuli ng'amba. Kenako pakati pa mapesi panatuluka timaluwa tofiira, tokongola mwachipongwe. Anali kaufiti, udzu uja woyamwa mizu ya chimanga.

Chikanakhala chimanga chokha, bwenzi anthu atangolira njala. Koma anthu nawonso anayamba kufota. Woyamba anali wokonza njinga, chibambo chadzitho. Ankadya ngati alendo atatu koma akuonderaonderabe, maso achikasu. Atamwalira, pomunyamula mphasa inakanirira. Pansi pake kaufiti anali ataphuka padothi lozira, timizu toyera titaboola mphasa n'kulowa mumsana. Kenako anapita mkazi wa Achigayo, mwini chigayo, yemwe anali mlamu wa Atelala. M'nyumba za odwala munkanunkha dothi lonyowa ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo agalu ankakana kugona pansi. Anthu anasiya kupatsana moto.

Ndiye kunabwera mlangizi wa zaulimi panjinga yamoto. Munthu wosalakwa, za maliro sankazidziwa n'komwe. Iye ankanena za chimanga basi.

"Kaufiti amayamwa mobisa, pansi," anatero pamsonkhano pachigayo. "Mukamaona duwa, dziwani kuti wamaliza kale ntchito. Muzuleni, mumutenthe asanagwetse mbewu. Mukasiya mbewu mwangovutika chabe, chifukwa imadikira m'nthaka zaka ndi zaka. Chaka chamawa mudzalemo mtedza kapena soya."

Za mtedzazo palibe anamva. Anthu ndife oipa, ndikuuzeni. Khutu limatola zimene mtima ukufuna, ndipo tsiku limenelo linatola kuzula ndi kutentha.

M'mawa mwake Kanjiwa anapita kumjigo atasomeka timaluwa tofiira m'tsitsi. Mwana ndi mwana, chofiira chilichonse kwa iye ndi chokongola. Azimayi anasiya kupopa, zidebe n'kumasefukira. Pofika masana nkhani inali itamera miyendo: wina anamuona akuyankhula ndi nthaka, wina anamuona milomo ili dothi lokhalokha.

Anthu a m'mudzi anabwera dzuwa likulowa, Achigayo ali patsogolo, atanyamula chigubu cha parafini.

"Mlamu, tulutsani mwanayo."

"Walakwanji, alamu? Si mwana wa mchimwene wanu ameneyu?"

"Timaluwa tija anatitenga kuti?"

"Kumunda! Mwana aliyense amathyola!"

"Athu sathyola."

Atelala anayang'ana chigubu chija, anayang'ana nkhope za anthu amene anawasokera madiresi aukwati ndi mayunifolomu a ana, ndipo sanapezepo ngakhale imodzi yoti n'kuigwadira. Kanjiwa anali atamukakamira chitenje.

"Ndine," anatero Atelala. "Ndimayamwa ndine. Wanjinga ndinam'maliza ndine, akazi anunso ndine. Mwanayu sadziwa kanthu, timaluwato ndinam'veka ndekha."

Linali bodza lamkunkhuniza, koma analilandira ndi manja awiri. Anam'manga ndi chingwe chomangira ng'ombe, kumukwekwereza mpaka pakati pa munda wake, n'kuyamba kum'unjikira mapesi ofota aja. Iye sanalire. Maso ake anali pa Kanjiwa, yemwe anali m'manja mwa mayi woyandikana naye nyumba, mnzake wa ponda apa nane mpondepo, amene ankabwerekana naye mchere. Mtima wa Atelala unakhala pansi. Afe iyeyo, bola mwana watsala.

Achigayo anatsegula chigubu. Fungo la parafini linadzaza munda wonse.

Apo m'pamene mnzake uja anayankhula, motsitsa mawu, ngati akufunsa za nyengo.

"Koma alangizi aja anati chiyani za mbewu?"

Mmodzimmodzi anthu anatembenukira kwa Kanjiwa. Mayi uja anatsitsa Kanjiwa pansi, anam'konza kolala ya diresi, n'kumukankha pang'ono kumsana.

"Pita kwa amako."

Mwanayo anathamanga ndi mtima wonse, manja atatambasula.

"Ndanama!" anakuwa Atelala, akudzigwetsa m'mapesimo. "Ndanama ine! Kanjiwa, bwerera! Alamu, ndanama!"

Koma mfiti yovomera yokha, ndani angaimverenso?

Anthu anapitiriza kufota mpaka nyengo yokolola, maliro kutsatizana. Amene ankawayamwayo sanadziwike mpaka lero. Chodziwika n'chakuti madzulo amenewo m'mudzimo munalibe amene anatsalira kunyumba, choncho nayenso anali pomwepo, atagwira nawo chingwe.