Dzanja Paphewa la Amayi

Anthu akamva kuti ndimakonza zithunzi pa laputopu amafulumira kunena kuti nkhaniyi ndinachita kupeka. Anene, pakamwa ndi pawo. Achemwali anga analipo, ndipo iwowo ndi munthu woti sanganame ngakhale bodzalo litati likupulumutse. Bambo wotsuka zithunzi pafupi ndi kuntchito kwanga nayenso anaona ndi maso ake, moti mpaka lero ndikamalowa m'shopu mwake amayamba wayang'ana chimene ndanyamula.

Ine ntchito yanga ndi yogulitsa nsapato. Zojambulazi ndi zongodzisangalatsa Loweruka ndi Lamlungu, ndi kamera yakale imene ndinagula kwa mnzanga. Kukonza zithunzi ndinadziphunzitsa ndekha: kuwalitsa pamene pada, kuchotsa ziphuphu pankhope, kufufuta munthu wongodutsa kumbuyo.

Amayi anali ndi chithunzi chimodzi chokha chimene anasekapo mano onse panja. Chinajambulidwa pabalaza tsiku limene achemwali anamaliza maphunziro a unamwino. Amayi akhala pampando, avala bulauzi yachikasu, kumbuyo kwawo kwaima bambo wotipeza, dzanja lake lili paphewa pawo. Bamboyo anali makaniko. Ife tinkamutchula Lamba, ndipo chifukwa chake musachite kufunsa. Anamwalira chaka chatha. Pamaliro ndinalira chifukwa amayi ankalira, basi.

Patapita miyezi isanu amayi anandipatsa chithunzicho atachikulunga m'kansalu. Sanandiyang'ane kumaso. Anangoti ngati makina angawo amathadi ntchito, ndimuchotsemo munthuyo, chifukwa akufuna adzione akuseka okha pakhoma kamodzi asanafe.

Ndinachijambula ndi kamera n'kuchilowetsa mu laputopu, Loweruka masana, patebulo la pabalaza pomwepo. Thupi lake silinavute. Kumbuyo kunali katani, ndiye ndinkangokopera katani ya pambali n'kumamata pankhope pake, pachifuwa, pamimba. Ndinkamva kukoma, sindibisa. Dzanja ndilo linandidyera nthawi, chifukwa pamafunika kutenga nsalu ya paphewa linalo, kuitembenuza, n'kuikhazika pamene panali zala. Nditakulitsa chithunzicho ndinaona chimene sindinachionepo zaka zonsezi. Zalazo sizinangokhala paphewapo ayi, zinali zitalowa m'mnofu, nsalu itakwinyika kuzungulira chala chilichonse. Amayi ankaseka akutsinidwa.

Ndinamaliza, ndinasunga, ndinapita kukhitchini kukaitana achemwali. Titabwera tinapeza dzanja lili pomwepo. Thupi kulibe, mkono kulibe, dzanja lokha, girizi wakuda ali m'zikhadabo.

Achemwali anandiseka kuti katswiri wathu waiwala kusunga ntchito yake. Ndinavomera, zimachitika. Ndinafufutanso iwo akuona, ndinasunga ndi dzina latsopano, ndinatseka, ndinatsegulanso. Phewa linali loyera. Tikuyang'ana choncho, firiji inasiya kulira. Galu wa oyandikana nawo, amene amauwa ndi mthunzi wake womwe, anangoti zii. Kenako fungo linatipeza, la fodya wozimitsidwa ndi girizi. Pasikirini nsalu yachikasu inayamba kulowa mkati pang'onopang'ono. Malo anayi. M'malomo munamera zala.

M'kolido munalira makiyi.

Lamba ankamangirira mulu wa makiyi m'chiuno. Tili ana, tikangomva kulirako tinkazimitsa wailesi n'kukhala ngati tagona.

"Tseka," achemwali ananong'ona. "Chonde, tseka zimenezi."

Mantha ndinali nawo. Koma mkwiyo unaposa mantha. Munthu anatilamulira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndiye lero alamulirenso laputopu yanga? Ndinafufuta kachitatu. Linabwerera. Kachinayi. Linabwerera msanga kuposa poyamba. Kachisanu, paphewa panga panalemera. Panazizira. Sindinacheuke.

Nthawi yomweyo amayi analowa kuchokera panja atanyamula beseni la zochapa. Anaima pakhomo. Ananunkhiza. Anayang'ana sikirini, anayang'ana ine. Ndinadziwiratu zimene anene, chifukwa moyo wanga wonse ndinakhala ndikuzimva: musiyeni ana inu, ndi mmene alili, tisapute mavuto. Mtima unandiwawa mawuwo asanatuluke n'komwe.

Sanatero. Anatula beseni pansi, analowa kuchipinda, anatuluka atavala bulauzi yachikasu ija, yothina tsopano m'khwapa. Anakoka mpando womwe uja n'kuuika kutsogolo kwa katani. Anakhala, anawongola msana.

"Chakalecho chisiye, n'chake," anatero. "Tenga kamera."

Kamerayo ndinaikhazika patebulo kuti chithunzi chisatuluke chambuu. Kuwala kwa pawindo kunkagwera bwino kumaso kwawo. Ndinasuzumira. Amayi anali okha.

Makiyi analira pakhomo la pabalaza. Analiranso pafupi ndi tebulo. Anandidutsa. Anakathera kumbuyo kwa mpando.

Phewa la amayi linatsika. Nsalu inakwinyika. Apa sipanalinso pasikirini, tinkaona ndi maso athu. 

Amayi sanatembenuke. Anakweza dzanja lawo, anagwira pamene panalibe kanthu, n'kuyamba kumatula chala chimodzichimodzi, mmene amachotsera chisoso pasiketi. Chomaliza chinalimba. Anachipinda ndi mphamvu mpaka mitsempha inaoneka pamkono.

"Nthawi yako inatha, bambo iwe," anatero motsitsa mawu. "Phewa ili ndi langa." Kenako anandiyang'ana. "Jambula, mwanawe."

Anaseka, ndipo ndinadina. Firiji inayambanso kulira. Achemwali anatsegula mawindo onse, fungo linatuluka.

Chithunzi chimenecho sindinachikonze ngakhale pang'ono. Makwinya ndinawasiya, imvi ndinazisiya, bulauzi yothinayo ndinaisiya. Lolemba ndinapita nacho kwa bambo wotsuka zithunzi uja, anachikulitsa n'kuchiika mu felemu. Akundipatsira, galasi linang'aluka lokha lili m'manja mwake, mng'alu umodzi wochokera pamwamba kudzathera paphewa. Anapepesa, anati mwina linali lakale, anaikamo lina. Limenelo linafika kunyumba bwinobwino, tinapachika, koma kutacha linali litang'aluka pomwe paja. Nditabwereranso kukafuna lachitatu, bamboyo anabisa manja kumbuyo.

"Chemwali, ine ndili ndi ana," anatero. "Kayeseni kwina."

Ndinakawauza amayi, ndikuganiza kuti mwina tsopano afooka. Anatenga felemuyo, anazula magalasi otsalawo ndi kansalu, anakataya kudzala, n'kupachika chithunzicho chopanda galasi. Anati aone chimene munthuyo aswe tsopano.

Chilipo pakhoma mpaka lero, aliyense wofuna akachione. Masiku ena timachipeza chitapendekera mbali ya phewa lija. Amayi amangochiwongola ndi chala chimodzi podutsa, osaleka nyimbo imene akung'ung'udza.