Zala Zinayi mu Fuliza

Ndiye mpaka lero ena akunenabe kuti achemwali anga ndiwo ankaba, chonsecho ntchito yawo ku labu kuja inali kukolopa basi, kiyi wa fuliza sanamugwirepo. Tamvani kaye musanatsegule pakamwa.

Mu fulizamo munali timabotolo tating'ono ngati chala cha khanda, ta mankhwala osefedwa kuchokera ku ululu wa njoka. Sapha ayi. Ukabaya nawo mbewa, amatopetsa asilikali a m'magazi mpaka kugona, ndiye madokotala amaona mmene thupi limakhalira lopanda olilondera.

Lolemba m'mawa kabotolo kamodzi kanapezeka kulibe. Mlonda anati usiku anamva fuliza ikulira, kakulira kake kopyapyala kaja ikasiyidwa yotsegula, koma atawalitsa tochi pawindo anangoona mdima, mbewa zonse zili zii m'makola, ngakhale kukanda utuchi osakanda. Lachinayi chimodzimodzi. Anthu anayamba kunong'onezana kuti njoka ikubwera kudzatenga zake. Abwana za njoka analibe nazo ntchito, anangouza achemwali kuti kakasowanso kena asadzabwerenso. Mayi wa ana atatu ameneyo.

Koma wokolopa amaona zomwe ena saona. Fuliza imeneyo imazizira moti ukagwira mkati wopanda magolovesi imakusenda khungu. Pa chisanu cha pashelefu panadindika zala zinayi. Ndipo bambo wina wogwira ntchito yobaya mbewa, munthu wofatsa amene ankasunga kiyi wa fuliza, anali ndi pulasitala kunsonga kwa zala.

Achemwali anamupeza kotsukira makola.

"Achimwene, zalazo mwatani?"

Bamboyo anakhala pa ndowa. Ananong'ona kuti mkazi wake thupi limadzimenya lokha, mfundo zonse zotupa, ndipo anamva madokotala akunena kuti mankhwalawo amagoneka asilikali, ndiye ankatenga n'kukamubaya mkaziyo.

"Dzulo wayenda yekha mpaka pakhomo, achemwali. Patha zaka ziwiri asanatero."

Achemwali anasunga pakamwa. Kabotolo kachitatu katasowa anawachotsa ntchito, iwo osamutchulabe.

Sabata yotsatira mkaziyo anadzicheka ndi chitini. Kabala kosaoneka n'komwe. Mkono unatupa, unada, panalibe woletsa m'thupimo. Masiku anayi, maliro. Bamboyo anapita yekha kukaulula, n'kusiya kiyi patebulo la abwana. Loko anasintha. Achemwali sanawaitanenso, akuti anabisa nkhani.

Dzana mlonda wanditumizira mawu pafoni, akupuma ngati wathamanga. Kumbuyo kwake kukumveka kakulira kopyapyala kaja. M'mawa wake wanditumiziranso chithunzi: pa chisanu cha pashelefu zala zinayi, zowonda, mfundo zake zotupa, chimodzi chili ndi mzere wa mphete. Kabotolo kachinayi kulibe.

Bambo uja ali m'manja mwa apolisi. Kiyi watsopano amagona m'thumba la abwana. Achemwali anga agona pambali panga usiku wonse, zala zawo khumi zonse n'zosalala, bwerani mudzawerenge.

Ndiye inu odziwa zonse aja, alipo amene anganenebe kuti ndi achemwali anga akutsegula fulizayo?