Wa m'Chikuta Naye Alembedwe

Stelia anali ndi mlongo watsopano. Kanali kakhanda ka masiku anayi. Kanali kadakali m'chikuta ndi amayi. Mchombo unali usanagwe. Dzina kanalibe.

Stelia ankafuna mudzi wonse wa Mlonyeni udziwe.

M'mawa wina kunabwera a Imelda a kalembera. Ananyamula chibuku chachikulu.

"Muno mulipo angati?" anafunsa a Imelda.

"Tilipo seveni," anatero abambo.

Stelia anawerenga zala. Anawerenganso. Ii! Zala zinali eyiti!

"Ababa, nanga mwana?" ananong'ona Stelia.

"Chete iwe! Wa m'chikuta satchulidwa."

A Imelda analemba seveni. Anatsanzika, napita.

Stelia mtima unamuwawa. Anawathamangira. Anawapeza pachulu, atagwira pakamwa.

"Mayo ine!" anatero a Imelda. "Ine ndinakulira kuno. Apa panali tchire. Nyumba zinali naini basi. Lero ndalemba fote!"

"Fote! Anthu onsewa achokera kuti?"

"Ena abadwa. Ena abwera kuchokera ku Zambia. Komanso ana sakufa ndi chikuku ngati kale. Kuli katemera."

"Katemerayo amakwana ana onse?"

"Aboma amaona m'buku muno. Akatero amadziwa kuti ana alipo angati."

Stelia maso anangoti tong'o!

"Kalanga ine! Mwana wathu mulibe m'bukumo!"

"Mwana uti?"

Stelia anawagwira dzanja. Anawakoka mpaka kunyumba.

"Iwe Stelia!" anakuwa abambo. "Pakamwa pako mpopepuka bwanji!"

"Pepani bambo," anatero a Imelda. "M'chikuta sindilowa. Dzina sindifunsa. Ndingolemba kuti khanda."

Abambo anakanda mutu.

Kenaka mawu anamveka m'nyumba. Anali amayi.

"Mulembeni! Chikuku chinanditengera Vitus. Uyu ayi!"

Stelia anadzidzimuka.

"Vitus ndani, ababa?"

"Mlongo wako wamkulu," anatero abambo chapansipansi. "Anapita iwe usanabadwe."

Stelia anakhala pansi. Misozi inalengeza. Abambo anamusisita pamutu.

"Amayi, fufutani seveni uja," anatero abambo kwa a Imelda. "Tilipo eyiti."

A Imelda anafufuta. Analemba eyiti. Stelia anaona ndi maso ake.

Anathamangira pachitseko. Anaika pakamwa pa kamng'alu.

"Iwe wopanda dzina! Walembedwa!"

Kakhanda kanalira mokweza, ng'aa! ng'aa!

"Mwamva?" anaseka amayi. "Akuti nayenso alipo."