Mawanga ndi Mafuta a Nkhumba

Christobel ankakhala ku Malemia. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anali ndi galu wake. Dzina lake anali Mawanga.

Mawanga anaswa tiana tinayi. Tianato tinkayamwa m'mawa. Tinkayamwa masana. Tinkayamwanso madzulo. Tiana tinanenepa, koma Mawanga anawonda. Nthiti zake zinkachita kuwerengeka.

Christobel ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti Mawanga anenepe.

Loweruka lina kunali chinkhoswe cha Rabecca, mkulu wake wa Christobel. Kunaphedwa mbuzi ndi nkhumba. Mbuzi anazinga ndi a Zubair, oyandikana nawo nyumba. A Zubair ndi Msilamu. Iwo akazinga mbuzi, alendo onse amadya, Asilamu ndi Akhristu omwe.

Nkhumba inaphedwera kutali, kuseri kwa nthochi. Inali ndi mpeni wakewake. Inali ndi miphika yakeyake. Anaipha ndi a Spencer, amalume ake a Christobel.

A Spencer ndi munthu wa mawu aakulu ndi manja aakulu. Kupatsa pang'ono sakudziwa.

"Ankolo, mundigawireko ya Mawanga," anatero Christobel.

"Galu wako wouma ngati nkhuni uja? Bweretsa beseni," anayankha a Spencer.

Anadula mafuta oyera. Anadula ena. Anadulanso ena. Beseni linadzaza tho.

Mawanga anadya mafutawo osaphika. Anadya onse. Ananyambita beseni mpaka linawala. Christobel anavina ndi chimwemwe. Iye ankati wachita zabwino, mwana wa eni.

M'mawa mwake Mawanga sanadzuke. Anasanza. Anatsegula m'mimba. Mimba yake inali gwa. Tiana tikayandikira, ankatikankha ndi mphuno. Tiana tinalira ndi njala.

Christobel naye analira. Mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa beseni lija anabweretsa ndi iye.

"Amayi, Mawanga akafa, tianati tiyamwa kuti?" anafunsa.

"Pukuta misozi, mwanawe," anatero amayi. "Thamanga ukaitane a Zubair."

A Zubair ndi alangizi a ziweto. Amachiza mbuzi. Amachiza ng'ombe. Amachiza ndi agalu omwe.

Christobel anathamanga. Anawapeza akupopa njinga.

"Wadya chiyani galuyo?" anafunsa a Zubair.

Christobel anayang'ana pansi. Anachita manyazi kutchula nkhumba pakhomo pawo.

"Wadya ijayi. Ya kuseri kwa nthochi ija."

A Zubair anaseka. "Tchula, mwanangu, usaope. Ine nkhumba sindidya, koma matenda ake ndimawadziwa."

Anatenga chikwama chawo n'kubwera. Anavala magolovesi. Anagwira mimba ya Mawanga. Kenako anamubaya jakisoni.

"Mafuta ambiri amapweteka galu m'mimba," anatero. "Nthawi zina amapha kumene. Nyama ya nkhumba yaiwisi imakhalanso ndi njoka za m'mimba. N'zazing'ono, sungazione."

"Ndiye asadzadyenso nkhumba?" anafunsa Christobel.

"Lero ayi. Mawa ayi. Akachira angadye, koma pali malamulo asanu. Tambasula dzanja."

Christobel anatambasula dzanja. A Zubair ankanena, iye n'kumapinda zala.

"Chotsa mafuta. Wiritsa nyama mpaka ipse. Usathire mchere kapena anyezi. Usamupatse mafupa. Ikazizira, mpatse pang'ono."

Zala zonse zinapindika. Christobel anafumbata dzanja kuti malamulo asathawe.

Tsiku loyamba anamwetsa Mawanga madzi pang'onopang'ono. Ankamusisita mutu kuti tiana tiyamweko. Tinayamwa pang'ono, tinaliranso.

Tsiku lachiwiri anamupatsa phala lamadzimadzi. Mawanga ananyambita kawiri n'kusiya.

Tsiku lachitatu Christobel anabwera kuchokera kusukulu. Mawanga anadzutsa mutu. Anagwedeza mchira. Anamaliza phala lonse. Kenako anagona chammbali, tiana tonse tinayi n'kuyamwa mpaka kukhuta. Mtima wa Christobel unakhala pansi.

Panapita mwezi ndi theka. Tsiku la ukwati wa Rabecca linafika. A Zubair anazinganso mbuzi. Kuseri kwa nthochi kunaphedwanso nkhumba.

Mawanga anamva fungo. Anayamba kudumphadumpha. Galu sachedwa kuiwala. Koma Christobel sanaiwale. Anamumangirira pamtengo wa mango.

Posakhalitsa a Spencer anatulukira. Ananyamula beseni. M'besenimo munali mafuta oyera okhaokha.

"Mawanga, bwera udye ukwati," anaitana a Spencer.

Christobel anaima pakati pa galu ndi beseni. Kukaniza munthu wamkulu si masewera.

"Pepani ankolo, mafuta ayi."

"Iwe Christobel, agalu akhala akudya zimenezi usanabadwe."

"Mawanga anatsala pang'ono kufa, ankolo. Ndinamuona ndi maso angawa. Mundipatse nyama yofiira, kachidutswa kamodzi kokha."

A Spencer anamuyang'ana. Anayang'ana galu. Anakanda ndevu. Kenako anabwerera ndi beseni lawo. Anabwera ndi kachidutswa ka nyama.

Christobel anatenga chitini chakale. Anakoleza moto wake kuseri kwa nthochi. Anachotsa mafuta onse. Anawiritsa nyama mpaka inapsa. Mchere sanathire. Anyezi sanathire. Panali kafupa, anakataya m'dzenje. Kenako anadikira kuti nyama izizire.

A Spencer anali chiimire, manja m'chiuno.

"Galu ameneyu ndi bwana eti," anatero. "Mawa afuna tiyi wamkaka."

Christobel anadula nyama ting'onoting'ono. Anapatsa Mawanga pang'ono. Mawanga anadya. Anapempha ina ndi maso.

"Basi, yakwana," anatero Christobel.

M'mawa mwake Christobel anadzuka ndi mantha. Anathamangira panja. Mawanga sanali pogona pake. Anali pabwalo, akuthamangitsa tambala. Tiana tinayi tinali pambuyo pake, tikugwa n'kumadzuka. Sanasanze. Sanatsegule m'mimba. Christobel anamukumbatira pakhosi.

Amayi ankatsuka mbale za ukwati. A Spencer anafika n'kukhala pampando. Lero mawu awo anali aang'ono.

"Christobel, tigalu tako takongola. Sungandigawireko kamodzi?"

Christobel anaganiza. "Ndikugawirani, ankolo. Koma mutchule kaye malamulo asanu."

"Zosavuta zimenezo," anatero a Spencer. Anatambasula dzanja lawo lalikulu. "Chotsa mafuta. Wiritsa nyama. Mchere ndi anyezi ayi. Ikazizira, pang'ono."

Zala zinayi zinapindika. Chala chachikulu chinatsala chili njo. A Spencer anachiyang'ana. Anayang'ana kumwamba. Anayang'ana amayi.

"Achemwali, tandinong'onezani," anatero.

"Ayi achimwene, mayeso ndi anu," anayankha amayi, akuseka mpaka misozi.

"Mubwerenso mawa, ankolo," anatero Christobel. "Mukaganize bwino."

A Spencer anapita chimanjamanja. Panjira ankawerenga zala okhaokha.

Mawa lake analawirira. Asanapereke ndi moni yemwe, anakweza chala chachikulu.

"Mafupa ayi."

Kenako anatchula malamulo onse asanu osaphonya. Amayi anawomba m'manja. Christobel anapita pamene panagona Mawanga. Anasankha kagalu konenepa kuposa tonse. Anakaika m'manja aakulu aja, ndipo a Spencer anakanyamula mosamala ngati dzira.