Jekete Loyera ndi Mazira Makumi Asanu

"Chemwali, tasunthirani uko pang'ono. Ovololo yanuyo ikuipitsa chithunzi," anatero wojambula wa nyuzipepala.

Mtsikana uja, amene anzake ankamutcha Mawaya, anasuntha mtima ukuwira. Makina oswera mazira oyendera dzuwa, amene achimwene ake anatsamira akumwetulira, anawapanga ndi iyeyo, mpaka zala zake zinachita zipsera. Koma atolankhani ankangodziwa achimwene akewo: aatali, olankhula mothyakula, ovala jekete loyera ngati thonje. Kwa iwo kampani yonse inali jeketelo, ndipo dzina lakuti Jekete Loyera linawakanirira.

"Achimwene, bwanji simunanditchule?" anafunsa alendo atapita.

"Iwe, anthu amagula nkhope, sagula waya. Nanga tsitsi lakolo, longa chisa cha mpheta, lingagulitse chiyani?" anayankha akuseka. "Ndaitana a wailesi yakanema kuti Lachisanu adzaone anapiye makumi asanu akuswa. Usandichititse manyazi."

Mutu ukakula sulewa nkhonya, anatero Mawaya mumtima. Lachiwiri masana, antchito atapita kukadya, anatsegula kumbuyo kwa makinawo nazula kawaya kofiira kopititsa moto ku chotenthetsera. Nyali yapatsogolo inayakabe monga mwa masiku onse. Kawayako anakaponya m'thumba la ovololo.

Lachisanu chipinda chinadzaza atolankhani, alimi a nkhuku ndi antchito asanu a kampaniyo. Jekete Loyera anayankhula mokoma, kenaka anatsegula chitseko cha makina. Munali zii. Mlimi wina wachikulire anatola dzira, naliika pa tsaya.

"Bwana, ili ndi lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Kapena anapiye anu amaswa m'firiji?"

Anthu anafa nacho chikhakhali. Mawaya, ali pakona, anamva kukoma kumene anakudikira zaka ziwiri. Achimwene ake anasuzumira uku ndi uku, thukuta likudontha pa jekete, osadziwa n'komwe pogwira. Mwadzidzidzi anatembenuka namuloza.

"Funsani mlongo wangayu! Wopanga makinawa ndi iyeyu, ine ndimangoyankhula."

Makamera onse anatembenukira kwa iye. Panalibenso womuuza kuti asunthe.

M'mawa mwake chithunzi chake chinali patsamba loyamba, ovololo ndi tsitsi lomwe. Pamwamba pake analemba kuti: "Jekete Loyera ndi mlongo wake apusitsa alimi." Nyuzipepala zomwe zinkawatamanda zija zinapikisana powanyoza, ndipo palibe mtolankhani amene anakafunsa alimi makumi atatu amene makina awo ankaswa bwinobwino. Pofika masana, amene anaitanitsa makina atsopano anali ataimba foni kuti asintha maganizo.

Mmodzi mwa antchito aja, mayi wowotcherera zitsulo wa ana anayi, anavula magolovesi ake nafunsa, "Achemwali, Lolemba tibwere, kapena tizikafuna kwina?"

Mawaya anatenga limodzi mwa mazira aja naliswa pang'onopang'ono. M'katimo munali mwanapiye wakufa, wathunthu, nthenga ndi kamlomo komwe, atapinda khosi.

Achimwene ake anali atakhala pa bokosi, jekete lili pansi. Mawaya anapisa m'thumba, natulutsa kawaya kofiira kaja, nakaika m'dzanja lawo.

"Achimwene, makina aja alibe vuto. Ndinazula ndine," anatero. "Aimbireni atolankhani abwerenso. Ndikanena ndekha."